Kapepala ka Nambala ya Mita

Magetsi akwera mtengo mawa, ndiye mzere wogula mayunitsi wafika mpaka kumsewu. Bambo ena ovala tayi atembenukira mayi onyamula dengu amene ali kumbuyo kwawo.

"Mayi, ine ndinawerenga mamita zaka makumi atatu. Ndikangofika pageti, agalu ankamangidwa, mpando n'kutuluka, tiyi n'kubwera."

"Ndikuikumbuka nthawi imeneyo, bambo. Tinkasesa pakhonde ngati kukubwera apongozi."

"Eya! Manambala a misewu inayi anali m'mutu muno. Lero mita ikungolira yokha ngati mwanapiye."

"Ndiye nambala yanu simuvutika nayo."

"Yangayo... mayunitsi ankagula ndi mayi akunyumba. Anatisiya mwezi wathawu. Anailemba pakapepala aka. Tandionereni apa, ndi fili kapena eyiti? Ndikalakwitsa ndiunikira nyumba ya eni, ine n'kukhala mumdima mwezi wonse."

"Pepani, bambo. Ndi eyiti. Kungoti sanatseke bwino kumanzereku."

"Ndi iwowo amenewo. Ngakhale zitseko za kabati ankazisiya choncho. Ndinkakalipa tsiku lililonse."

"Ndikulembereni pena mooneka bwino?"

"Ayi, mayi. Bweretsani kapepala komweko."