Tulo ta Ana M'galimoto Yokalamba

Ndili pa siteji ya ku Chawama, mwana kumbuyo, maso pa chikwama, ndinamva mayi wina akuuza bambo wachilendo wovala ovololo.

"Makanika anatichenjeza kuti paipi ya utsi ya motoka yathu yabooka pansi pa mpando. Bamuna banga banangomata tepi pa kalaiti ka chenjezo, ati motoka yokalamba ndiye mwamene ikhalira."

"Nanga bana, bamagona mukayenda?"

"Maningi! Tikangonyamuka, tulo. Timachita kubatamanda."

"Si tulo, amai, ni utsi. Mwana wanga anakadzukira kuchipatala."

"Mayo ine! Mailo kukacha bamuna banga bafuna kutipeleka nayo ku Katete."

"Bana musabakweze."

"Zikomo batate, ni Mulungu wakuimikani pano. Ine na bana tizakwera basi kukalibe kucha. Beve babwere na tepi yao."