A Aloysius Akana Kudinda Chala

Ine Suwedi, amene ndinafika pa Joni ndi jumbo limodzi koma lero ndili ndi shedi yangayanga ya katundu ku Marlboro, ndinaona ku Dubai ndi ku Guangzhou anthu akulowa pantchito pongoika chala pa kagalasi, ndiye mu 2016 ndinagula makina oterowo n'kulamula kuti amene chala chake sichilowa m'makinamo pofika Lachisanu, Lolemba asabwere. Lachisanulo masana ndinaima kuseri kwa makatoni kumvetsera Welcome, kalaliki wanga wobadwira pa famu ku Zimbabwe, munthu wochita zokhazo zimene wauzidwa, akulimbana ndi mmodzi yekha amene anatsala: a Aloysius, kapitawo wa onyamula katundu.

"Abambo, chala," anatero Welcome.

"Chala cha chiyani?"

"Cha dzanja."

"Ndikuti cha ntchito yanji!"

"Chodinda apa."

A Aloysius anasolola cholembera m'thumba la ovolosi, n'kuchipukuta bwinobwino. "Iwe, ukuwadziwa anthu amene amadinda chala?"

"Ndikuwadziwa. Obert, Trinity, amayi Mainesi..."

"Osadziwa kulemba! Tsiku limene tinkalembedwa Wenela kupita ku migodi, mzere wonse unadinda chala, inki mpaka m'zigongono. Ine ndinapempha cholembera. Mzungu mpaka anavula magalasi."

"Anali atada?"

"Anadabwa, chitsiru iwe! Tandiuza, ndisayine pati?"

"Palibe posayina."

"Nanga apa si malo?" Anawerama, nayamba kulemba A wamkulu pa kagalasi ka makina anga.

"Eish, abambo!" Welcome anapukuta msangamsanga ndi shati.

"Wafufuta dzina langa?"

"Munangolemba A."

"A ameneyo ndinamuphunzira ku mishoni ndi chikwapu! Iwe ukumupukuta ndi shati ya thukuta?"

"Ndi yochapa dzulo. Abambo, onse adinda. Ngakhale abwana."

"A Suwedi adinda chala?"

"Ndi amene anayamba."

A Aloysius anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Ndinkakayika ine. Munthu kuyenda maiko onse aja, n'kumangobwera ndi zithunzi."

Ine kuseri kwa makatoni ndinamva zonsezo. Ine, amene ndasayina pa mabwalo a ndege amene mdalayu sangathe ngakhale kuwatchula!

"Chabwino," anapitiriza a Aloysius. "Tiyerekeze kuti ndapenga, ndavomera. Inki ili kuti?"

"Kulibe inki."

"Kudinda chala popanda inki? Ngakhale umbuliwo mukuuchita mosalongosoka."

"Abwana akuti ntchito za m'tsogolo ndi za makina. Lero chala, mwezi wamawa kamakina kowerenga makatoni, kenako kompyuta. Wosaphunzira atsala."

"Sukulu yake yoyambira pa chala? Ife tinachoka pa chala n'kukwera mpaka pa cholembera. Inu mukutsika."

"Ayi, kompyuta ili m'chipinda cham'mwamba."

A Aloysius anagwira mutu ndi manja onse awiri. Kenako anamuyandikira ngati munthu wodzagula katundu wakuba.

"Mwana wanga, uli ndi zala zingati?"

Welcome anayang'ana kaye. "Khumi."

"Makinawa adya chimodzi chokha. Dinda china, uwauze kuti ndi Aloysius. Kale mnzako akachedwa ndi taxi ya ku Orange Farm, unkangomuyankhira dzina. Umenewo ndiwo unali umunthu."

"Chiti?"

"Chilichonse!"

"Kakang'onoka sikangakhale inu, ndinu munthu wamkulu. Chapakatichi n'chamwano."

"Sankha chaulemu."

"Komatu ine ndikadwala, ndiye kuti inunso mwadwala. Ndikapita ku maliro ku Kadoma, inunso mwapita."

"Ndikatani ku maliro a anthu osawadziwa?"

"Ndi anthu abwino, mukawakonda."

"Akufawo?"

"Otsalawo."

"Iwe Welcome, amene anakupatsa dzina limeneli anafulumira."

Welcome anayang'ana wotchi ya pakhoma. "Abambo, nthawi yoweruka yayandikira. Mukapanda kudinda, Lolemba geti silikutsegukirani. Pa msinkhu wanuwu, pa Joni pano, akulembani ntchito ndani?"

Anafunsa ngati munthu wofunadi kumva dzina. A Aloysius anayang'ana m'shedimo. Kenako mawu anakwera.

"Ndinanyamula katundu muno denga lisanakhomedwe! Makatoni ndimawadziwa ndi msana! Lero ndichotsedwe ndi kanthu aka? Aka?"

Chala chawo chinagunda pa kagalasi. Kanayaka kofiira, ndipo m'makinamo munamveka mawu a mayi: "Try again."

A Aloysius analumphira m'mbuyo. "Akuti chiyani mayiyu?"

"Akuti yesaninso."

"Sindinayese ine! Ndimaloza."

"Ndiye lozaninso."

Analozanso, mwamphamvu. Kofiira. "Try again."

"Mwina ndi chachikulu," anatero Welcome.

"Sindikudinda, wamva? Ndikungofuna amve kulemera kwake." Anakanikiza chachikulu mpaka makina kupendekeka pakhoma. Kofiira.

Welcome anawagwira dzanja, nalitembenuza, nalisuzumira pafupi. "Abambo, mizere kulibe. Zasalala ngati sopo wotsala."

"Miyala ya ku mgodi imeneyo. Ndi makatoni a abwana akowa."

"Makina amawerenga mizere. Popanda mizere akuti palibe munthu."

"Palibe munthu? Ndaima pano ndi ndani?"

"Ine ndikukuonani. Iwo ayi."

A Aloysius anakwinya manja a ovolosi. Anayesa lamanzere. Anayesa kakang'ono kaja. Ananyambita chala, nachipukuta pa bondo, nachiuzira mpweya ngati akukoleza moto.

"Try again."

"Mayi, ndamva! Sindine gonthi!" Anatembenuka. "Obert uja, amene amagona kuseri kwa matumba nthawi ya ntchito, anamulandira?"

"Kamodzi kokha. Mpaka anamuuza kuti thank you."

"Thank you? Obert?"

"Ndi amayi Mainesi omwe."

"Mainesi amene ndinamuphunzitsa ine kumata katoni?"

"Omwewo. Kwa iwo kanayaka kobiriwira." Welcome anatsegula kabati, natulutsa pepala. "Basi abambo, zatheka. Ntchito yanu ili bwinobwino. Abwana anati amene makina amukana azisayina apa m'mawa uliwonse."

"Azi... chiyani?"

"Azisayina."

"Nanga bwanji sunanene poyamba paja?"

"Anali asanakukaneni."

Welcome anatola cholembera chija pa tebulo n'kuwapatsa ndi manja awiri, mwaulemu wonse. A Aloysius anachiyang'ana ngati wawapatsa mbewa yowola. Anayang'ananso kagalasi, nakhala pa katoni, nayamba kumasula zingwe za jombo.

"Shedi yonse ikudinda chala, ine ndekha ndizisayina ngati munthu wotsalira? Chotsa icho! Tsitsa makinawa pansi, umuuze mayiyo akonzeke: zala zakuphazizi sizinagwireko mwala!"