Kagalasi kamene a Nampinga anaswa

Abusa, mafumu, anamfedwa ndi nonse amene mwafika, ine ndine Idah Mwandira, namwino, ndipo ndagwira ntchito ndi malemu zaka makumi awiri. Amene tikuwaperekeza lero ndi a Reinford Nampinga. Anabadwa m'chaka cha 1964 kwa Goliati, m'boma lino la Thyolo, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi.

Sukulu anayambira kwawo komweko. Atamaliza folomu 4 anapita kusukulu ya zachipatala ya mishoni kukaphunzira ntchito ya mu labu. Kumeneko ndi kumene anayamba kugwiritsa ntchito maikulosikopu, makina oonera tizilombo tosaoneka ndi maso. Ankatiuza kuti tsiku limene anasuzumira dontho la madzi a pachithaphwi, anakhala masiku awiri madzi akuwakanika kumeza.

Mu 1990 anakwatira mayi Lestina a ku Chimaliro. Mulungu anawapatsa ana anayi, mmodzi anatsogola ali wakhanda.

Ntchito anayamba mu 1988 pachipatala cha pa esiteti pano, ndipo sanasunthepo kwa zaka 36. Ankayeza magazi pofuna malungo, mkodzo pofuna likodzo, koma ukatswiri wawo unali pa makhololo. Tizilombo ta chifuwa chachikulu tikapakidwa mankhwala timaoneka ngati tizidutswa ta ulusi wofiira, ndipo diso la malemu silinkaphonya ngakhale kamodzi kokha. Akamva munthu akutsokomola pamzere woyezetsa tiyi, ankamulondola mpaka kumalayini, kunyumba za antchito, atatenga kabotolo kolavuliramo makhololo, n'chifukwa chake anthu anawatcha a Kabotolo. Nthawi ya Covid ena ankawavutitsa kuti awaonetse kachilomboko. Iwo ankayankha kuti mavailasi ndi aang'ono kwambiri moti makina awo sangawaone, koma kusaoneka sikutanthauza kuti kulibe. Ambiri mwa inu muli moyo chifukwa cha liuma la bambo amenewa.

Anabatizidwa mumpingo wa Adventist mu 1982. Anakhala mkulu wa mpingo, ankaimba besi m'kwaya, ndipo Sabata lililonse ankaphunzitsa ana m'kachipinda kakuseri kwa tchalitchi.

Ndafika pa za matenda. Papepala limene ndinapatsidwa ndi akubanja panalembedwa kuti malemu adwala kanthawi kochepa. Mundikhululukire, sindiwerenga zimenezo. Malemu eni ake anandilumbiritsa kuchipatala kuti ndidzanene zoona pamaso panu, ndipo mayi Nampinga avomereza.

Anayamba kutsokomola mu Epulo chaka chatha. Lachisanu lina masana, tonse titaweruka msanga pokonzekera Sabata, anatsala okha mu labu. Anapaka makhololo awo pa kagalasi, nakaika pamakina. Anaona tizilombo todzaza, toti ngakhale wophunzira ntchito sakanatiphonya. Anaswa kagalasiko n'kukataya kudzenje, sanauze munthu. Ankaopa kuti tiwachotsa mu labu, komanso ankachita manyazi kuti anthu aziti a Kabotolo nawonso chawapeza.

Anakhala choncho miyezi isanu ndi itatu. Ankaimba m'kwaya, ankaphunzitsa ana aja chitseko chili chotseka, m'nyengo yozizira ankagona m'nyumba mawindo ali otseka, adzukulu ali pomwepo. Tikawafunsa za kuonda ankati ndi ukalamba, za chifuwa ankati ndi fumbi. Ine, namwino wathunthu, ndinakhulupirira. Ndinkawakonda bambo amenewa ngati achimwene anga, koma sindibisa, ndawakwiyira, ndipo ndadzikwiyiranso ndekha.

Mu Disembala anakomoka m'tchalitchi. Kuchipatala chachikulu ku Blantyre anapeza kuti ndi chifuwa chachikulu cha mtundu wosamva mankhwala wamba, ndipo mapapo anali atatha kale. Anamwalira Lachinayi pa 6 Febuluwale 2025, ali ndi zaka 60. Masiku awo omaliza sankadandaula za ululu. Ankangotchula mayina a anthu amene anakhala nawo pafupi, ine ndikulemba.

Musaope bokosi ili, m'menemo simuchokanso kanthu. Tizilombo timene malemu anaona tsiku lija sitinalowe nawo tonse m'bokosimo. Tina tili m'zifuwa za ena mwa ife takhala pano, ndipo titha kukhalamo phee kwa miyezi, mwini wake akulima, akuseka, akuimba.

Malemu asiya akazi awo, mayi Lestina. Asiya ana atatu, Gideoni, Salome ndi Tayamika, komanso mayi Sellah, mlongo wa malemu amene anawadwazika, ndi adzukulu asanu. Pamndandanda wawo anaonjezapo akwaya onse khumi ndi anayi, ana a kalasi yawo ya Sabata, ndi ine. Tonsefe mawa Lolemba 8 koloko m'mawa tikapezeke kuchipatala. Musayambe mwadikira kuti nkhani ya maliro ithe, ndipo wina asatume mnzake.

Mdzukulu wawo wamng'ono, Mwai, wa zaka ziwiri, amene mwakhala mukumumva akutsokomola kumbuyoko chiyambire mwambo uno, sadikira mawa. Galimoto ili pamsewu, tinyamuka naye tikangotsitsa agogo ake.

A Reinford Nampinga, mawu anu ndafikitsa. Apumule mu mtendere.