Mayi Wubalem Tazezew, Oumba Mbiya Amene Anasowa Manda

Malemu mayi anga, a Wubalem Tazezew, anabadwa pa 9 Juni 1959 m'mudzi wa Ayuda kumapiri a Wogera, kumpoto kwa Gondar. Ine ndine Yalemwork, mwana wawo womaliza. Mbiriyi akanawerenga amalume, koma onse ali kunja kwa dziko, ndiye mundipirire. Ndikudziwanso kuti mukufunsana chifukwa chake tasonkhana kuno ku mtapo, kumene malemu ankatapa dothi, osati kumanda. Ndifotokoza.

Bambo awo a Tazezew anali osula makasu, mayi awo oumba mbiya. Kwawo ankasunga malamulo a Mose. Loweruka sankakoleza moto, sankatunga madzi, ndipo popemphera ankayang'ana ku Yerusalemu. Malemu anayamba sukulu mu 1967, nalekeza kalasi yachitatu kuti azithandiza kuponda dothi.

Mu Januwale 1978 anakwatiwa ndi bambo athu, malemu a Gashaw Mengesha, Mkhristu amene ankabwera kudzagula makasu. Anabatizidwa, namangidwa chingwe chaubatizo m'khosi, chimene chidakali pathupi pawo m'bokosimu. Agogo atamva, anakhala pansi nalira maliro masiku asanu ndi awiri, mwana ali moyo. Choncho awa ndi maliro awo achiwiri.

Mu 1984, chaka cha njala, abale awo ananyamuka wapansi kulowera ku Sudan kuti akafike ku Israeli. Sanatsanzike. Malemu anapita ndi dengu la ufa, nakapeza nyumba zili pululu, phulusa losulira litazizira. Mayi awo anafera m'njira, ndipo pamene anagona sitipadziwa.

Zaka zoposa makumi anayi malemu anaumba ziwaya zophikira mkate wathu wa injera ndi miphika ya khofi. Palibe khomo muno, la Mkhristu kapena la Msilamu, limene silinadyepo chophikidwa m'dothi lawo. Koma m'nyumba mwathu munalibe wobwera kudzadya. Anthu ankati oumba mbiya ali ndi maso odya anthu, usiku amasanduka afisi. Tsiku lina kumsika mayi wina anaphimba mwana wake kumaso, amayi anga n'kumuuza kuti, “Mlongo wanga, phimba ndithu, koma usaiwale kuphimbanso chiwaya chako, ndinachiyang'ana sabata yathunthu.” Anthu anaseka. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, sindinaseke.

Bambo anatisiya mu Epulo 1999, ndipo anaikidwa kumanda a kutchalitchi. Amayi anapitirira kupita ku Misa Lamulungu ndi kusala masiku onse osala. Koma sindibisa: Loweruka moto sankakoleza. Tinkadya zozizira. Ndikafunsa ankati, “Yesu ndimamukonda, mwana wanga, koma dzanja la mayi anga limandigwira pamkono.”

Mu 2019 ndinakwatiwa ndi a Yesuf Kemal, oluka nsalu, ndipo ndinalowa Chisilamu. Ndinkaopa kuti nawonso andilira ndili moyo. Anangoti, “Tonse timati ndife ana a Abrahamu, nanga iwe wasochera pati? Ingobwera uzidya kuno.” Anaumba mphika wapadera wophikira nyama ya mkamwini wawo, yozinga Msilamu.

Chifuwa cha utsi wootchera mbiya chinayamba mu Novembala 2023. Anagona m'chipatala ku Gondar milungu itatu, madokotala n'kutibweza kuti mapapo atha. Anamwalira kunyumba masana a Loweruka, pa 3 Febuluwale 2024, ali ndi zaka 64. Kunkazizira kwambiri. Ndinafuna kuwakolezera moto, anakana ndi mutu.

Dzulo tinayenda malo atatu kupempha manda. Kutchalitchi, pambali pa bambo malo alipo, koma akuluakulu ena anati, “Uyu Chiyuda sanachisiye. Akagona pano, afisi adzafukula abale athu.” Abambo ansembe anayang'ana pansi. Kumanda akale a Ayuda, mlonda anati, “Amayi, amene anandisiyira kiyi anati wobatizidwa asalowe. Ndingatani ine?” Apongozi anga a Haji Kemal anakapempha kumzikiti. A Shehe analankhula mwaulemu: malemu akanangovomereza ndi pakamwa kuti Mulungu ndi mmodzi ndipo Muhammad ndi mtumiki wake, bwenzi akumba lero lomwe. Sindikudzudzula munthu. Ndikungonena kuti mipingo itatu yonseyi imadziwa kuti Abrahamu, Sara atamwalira, anapempha manda kwa anthu amtundu wina, ndipo anawapeza. Ife sitinawapeze.

Malemu anabereka ana anayi. Awiri anatsogola ali makanda. Asiya achimwene a Mulat, ine, zidzukulu zitatu, alongo awo, ndi achemwali awo awiri ku Israeli, amene alira pa foni. Chidzukulu chomaliza ndi Zehara, wa miyezi isanu ndi iwiri, ali kumsana kwangaku. Dzulo pa siwa ndinaona amayi awiri akusuntha mphasa nditamutsitsa kuti ayamwe. Ndinaona ndithu. Mwanayu maso ake ndi a agogo ake, ndipo sanadye munthu.

Tikuthokoza anamwino amene anawasamala, asisitere a Emahoy Tiruye amene anasambitsa thupi ena atakana, ndi a Yesuf amene akonza manda ndi abale awo kuyambira m'mawa. Ntchito sinali yaikulu. Dzenjeli malemu analikumba okha, dengu limodzi limodzi, kuyambira 1978. Amunawa angowongola m'mbali.

Sitinadziwe koti tilozetse mutu wawo, ndiye tawagoneka mmene ankakhalira potapa dothi, kuyang'ana kunyumba. Tikatha pano kuli mphodza ndi injera. Nyama palibe, kuti wina asafunse amene wazinga. Amene angathe, alowe m'nyumba mwathu adye.

Amayi, Mulungu wa Abrahamu akulandireni. Usani mumtendere m'dothi lanu.