Chitenje cha Anthu Ogwa

Pa tchalitchi china ku Mtendere, abusa anapatsa ba Kabaso Lamlungu limodzi lokha: ana akaseka, utumiki wawo wolalikira ndi nthabwala upitirira, akapanda kuseka, uthera pomwepo. Ba Kabaso anatulukira atapaka ufa kumaso, atavala mphuno yofiira ndi nsapato zazitali ngati mikono, koma kumbuyo kwawo kunaima ba Petronella, amene ntchito yawo ndi kuwakha anthu ogwa pa mapemphero ndi kuwafunditsa chitenje.

Ba Kabaso anadzikola mwendo mwadala. Ba Petronella anawagwira m'khwapa asanafike pansi.

"Amayi, nisiyeni nigwe," ananong'ona ba Kabaso.

"Muno munthu sagwa yekha. Ni simenti iyi."

"Kugwa ndiye ulaliki wanga! Nigwa, bana baseka, nauka, nabauza kuti Yesu amautsa wakugwa."

"Manje chamugwetsani ni Mzimu?"

"Awe, ni nsapato."

"Vovala timapempherera pa Chitatu."

Ana anali zii. Abusa anayang'ana wotchi. Ba Kabaso anathamangira kumanzere, nadzigwetsa msanga. Asanaphethire, chitenje chinawakuta kuyambira kumutu mpaka kumawondo.

"Chotsani ichi! Bana sibaona nkhope!"

"Gonani. Wakugwa sauka mpaka abusa bamugwire pamutu."

"Nagwa dala, mwandi!"

"Bambiri muno bamagwa dala. Bonse nimafunditsa."

Ba Kabaso anakankha chitenje, nakwera pa benchi. "Manje nizagwa kuchoka apa. Osanigwira!"

"Apo ni patali. Yembekezani nitenge vitenje viwiri."

"Amayi, utumiki wanga ukufa!"

"Vamaliro ni ba komiti ina."

Ba Kabaso analumphira mbali inayo. Ba Petronella anathamanga manja ali tambalale, anaponda nsapato yaitali ija, napita pansi chagada, duku n'kuuluka kukatera pa guwa. Ana anaphulika ndi kuseka mpaka ena kugwa pa mabenchi. Abusa anabisa nkhope m'Baibulo, mapewa akugwedezeka.

Ba Kabaso anatola chitenje, nawafunditsa mwaulemu.

"Pepani amayi. Ukani."

"Mvelani mwamene baseka," anayankha mawu pansi pa nsalu. Kenaka panatuluka dzanja. "Imwe mwayesa katatu, palibe anaonetsa dzino. Nipatseni mphuno iyo. Sande yamawa imwe muzagwira chitenje."