Nyimbo Monga Anaisiyira a Makutu

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1962, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu analekezera Folomu 2, koma makutu anali nawo. Ali mnyamata ankamva kuti wailesi yayamba kudwala mwiniwake asanadziwe. N'chifukwa chake ambiri mwa inu dzina lawo lenileni simulidziwa, mumangoti a Makutu.

Mu 1988 anakwatira mayi akhala pafupi ndi bokosiwa, omwe ankaimba kwaya. Malemu ankakonda kunena kuti anayamba kufunsira mawu, nkhope anaiona pambuyo, ndipo mwamwayi nayonso inali bwino.

Mu 2004 anatsegula situdiyo m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, makoma atawamata mathileyi a mazira. Ntchito yawo inali yosefa mawu pa kompyuta. Kwaya ikajambula nyimbo, iwo ankatsegula pulogalamu ya timizere tokwezera ndi kutsitsira mawu, n'kudula kung'ung'udza kwa magetsi kumunsi, kuchepetsa besi pomwe yaphimba oimba, kenako kukweza pang'ono chabe mawu osongoka a kumwamba kuti liwu lililonse limveke. Ankati mawu osongoka ali ngati mchere, dzanja likalemera wawononga zonse.

Cha mu 2021 timizere ta kumwamba tinayamba kukwera. Woyamba kuona anali mwana wawo wamkazi, amene walemba mbiriyi, chifukwa khanda lake linkadzidzimuka n'kulira agogo akangoyatsa masipika. Nyimbo zinkalasa ngati supuni yokanda mbale, eniake akugwedeza mutu kuti zili bwino. Mwanayo anazindikira kuti mawu osongoka aja sakuwafikanso bambo ake. Koma pakamwa ungayambire pati, kuwauza a Makutu kuti sakumva? Anauza amayi ake, amayi anauza achimwene a mwanayo, ndipo banja linapangana chinthu chimene lero chikutiweramitsa. Malemu akapita kukapuma, mwanayo ankalowa monyang'ama n'kutsitsa timizere tija, khutu lili kukhomo. Makasitomala anasiya kudandaula. Malemu ankayenda monyadira. Ife tinkati ndi ulemu.

Mu Malichi chaka chino anagwa ndi chizungulire pakhomo la situdiyo. Kuchipatala anawapeza ndi chotupa kuseri kwa khutu, chitakula kale, ndipo adokotala anafunsa kuti vuto la kumva linayamba liti. Tonse maso anali pansi. Anatisiya pa 17 Juni.

Mu kompyuta asiyamo nyimbo yogonekera adzukulu, yoimba okha, imene ankaikonza asanagwe. Timizere take tili pamwamba penipeni. Dzulo mwana wawo uja anakhala pampando wa bambo ake, wakhanda wachiwiri kumsana, dzanja lili pa mawusi ya kompyuta. Sanatsitse. Ndiye tikatha pano tiyika nyimboyo monga anaisiyira. Ikakulasani, chonde musatseke makutu. Pamenepo ndi pomwe iwo ankaimva bwino, ndipo ife kubisa tinabisa mokwanira.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, adzukulu awiri ndi alongo awo awiri. Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira, makwaya onse amene mwachezera nafe, ndi anansi amene simunatisiye tokha. Tikuthokozanso achimwene amene atibwereka masipikawa. Tawapempha kuti nyimbo ikayamba, asakhudze kalikonse.

Mzimu wa bambo athu, a Makutu, uuse mumtendere.