Ndinapala Maluwa a Amama ndi Khasu

Monire mose. Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Dzina langa ndine Tiwonge, wa kuno kwa Mwase. Ambiri mumandidziwa. Ena munalipo tsiku lomwe ndikufuna kunenali.

Pobwera kuno mwaona nyumba zozira bwino, makoma ojambula. Khirisimasi yafika. Ine ndikaona zimenezi mtima umandipweteka.

Ndili mwana, kwathu Khirisimasi inkayambira kudambo. Amama ankatitenga kukakumba dothi loyera. Katondo tinkakumba kuseri kwa nkhokwe, makala tinkasinja pamwala. Pansi ankazira ndi mtsiro, kenako n'kuima pakhoma ndi kansanza m'manja. Maluwa, nkhanga, masamba a maungu, mzere wofiira kuzungulira nyumba yonse. Ife tinkadula makope akale n'kulumikiza ndi phala ngati unyolo, adada n'kupachika kudenga. Pa tsikulo kunali mpunga, nkhuku, ndi buledi mmodzi wogawana anthu asanu ndi awiri. Anthu opita kutchalitchi ankaima pakhomo pathu n'kumati, “NyaZimba wajambulanso!” Tinali osauka, koma ine sindinkadziwa.

Adada atamwalira, ine ndi amuna anga tinawatenga amama kuti tizikhala nawo. Amuna anga anali a pa lole yonyamula fodya kupita ku Chipata. Tinali ndi ana awiri, Suzgo ndi mlongo wake wakhanda. Chaka chilichonse amama ankajambula nyumba yathu monga kale.

Itatha njala ija ya chimanga chachikasu, mavuto analowa m'nyumba. Khanda linayamba kutsegula m'mimba, zilonda m'kamwa. Tinaika. Chaka chisanathe, Suzgo nayenso. Tinaika. Amuna anga anayamba kutsokomola, lamba n'kumaboola mabowo atsopano.

Abale anga, chisoni chimafuna munthu womuloza chala.

Kunabwera sing'anga wosaka mfiti, atanyamula kagalasi. Inali sabata ya Khirisimasi, khoma lisanaume n'komwe. Anazungulira nyumba yathu, mudzi wonse uli pambuyo pake. Anaima pa nkhanga ziwiri zomwe amama anajambula pafupi ndi chitseko.

“Ana munaika angati?” anandifunsa.

Ndinati awiri.

“Nanga mbalamezi zilipo zingati? Wojambula ndani?”

Basi. Mlandu unathera pomwepo.

Amama anandiyang'ana. Sanayang'ane sing'anga, sanayang'ane anthu. Anayang'ana ine. “Tiwonge, mwana wanga, nkhangazi si zomwe unkandipempha uli wamng'ono?”

Ndinkadziwa kuti akunena zoona. Ndinkadziwa! Koma ndinalowa m'nyumba, ndinatenga khasu, ndinayamba kupala khoma. Ndinapala nkhanga, ndinapala maluwa, mpaka njerwa zinaoneka. Ndinawauza kuti, “Mwandidyera ana. Chokani.” Pakamwa panga pomwe pano, pomwe ndikuimbira nyimbo lero.

Anamanga zovala m'chitenje, anauyamba ulendo wapansi wa ku Mphamba, kwa amalume. Mvula inali kugwa. Sindinawapatse ngakhale thumba loti afunde.

Makhirisimasi atatu anadutsa khoma lili ndi zipsera za khasu. Mfiti yachoka, koma amuna anga sanachire. Ankangotha. Pomaliza ndinawakweza pa ngolo kupita nawo kuchipatala cha ku boma. Atatsala masiku awiri kuti atisiye, anandigwira dzanja.

“Amake Suzgo, amama aja alibe mlandu. Anandiyeza ku Chipata kalekale. Matendawa ndinabwera nawo ndine. Pa tsiku la sing'anga lija ndinkadziwa, koma ndinaopa.”

Mayo ine! Ndinatuluka panja, ndinakhala pansi pa mtengo, misozi osatuluka. Ana ndilibe. Mwamuna akupita. Mayi ndinathamangitsa ndekha. Kupemphera ndinalephera. Ndikati “Atate,” ndinkamva kulira kwa khasu pakhoma.

Maliro atatha, mayi wina wa chigwirizano ankabwera kudzanditungira madzi. Tsiku lina ndinamuuza zonse. Sanandilalikire. Anangoti, “Mulungu mudzalankhula naye panjira. Njinga ya amuna anga ili panjapo.”

Unali mwezi wa Disembala. Ndinafika ku Mphamba dzuwa lili pamutu. Sindinafunse munthu. Ndinati ndiizindikira nyumba ya amama ndi maluwa. Ndinazungulira mudzi kawiri. Nyumba zonse zojambula, koma dzanja la amama panalibe. Mtsikana wina anandilozera kanyumba ka kumapeto, kopanda mzere ngakhale umodzi. “Agogo aja sakhudza dothi. Amati manja awo ndi oipa.”

Abale ndi alongo, pamenepo ndi pomwe ndinalira.

Ndinawapeza akusenda mtedza. Ndinagwada patali. Mawu onse omwe ndinakonza panjira anathawa. Ndinangoti, “Amama, ndinakunamizirani.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana khosi langa, anayang'ana manja anga. Kenako anati, “Waonda, Tiwonge. Akukuphikira ndani?”

Ndinati palibe.

Anakutumula makoko pachitenje, analowa m'nyumba, anatuluka ndi kamtolo kawo. Ndinawakweza pakaliyala. Njira yonse ankangondigwira m'chiuno.

Sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Ana anga sadzabwerera. Nane ndinakayezetsa, matenda aja ndili nawo. Masiku ena ndimalima, masiku ena ndimalephera kudzuka. Khirisimasi ya ubwana wanga ija sindidzaionanso. Koma ndimapemphera tsopano, ndipo mawu amatuluka. Ndikuthokoza Mulungu kuti sanandilole kufa ndi bodza m'kamwa. Ndikuthokoza kuti anawasunga amama mpaka ndinawapeza.

Mayi amene ndinamuthamangitsa pa mvula ndi amene amandisambitsa ndikadwala. Ndi awo akhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Ndinawapempha kuti akhale kutsogolo, anakana. Akuti sakudziwa ngati mudzi unawakhululukira.

Ndinawachititsa manyazi pamaso panu, ndiye ndikuwayeretsanso pamaso panu. NyaZimba si mfiti. Sanakhalepo mfiti. Inu amene munalipo tsiku lija, tikamatuluka musawadutse. Apatseni moni.

Yewo. Ambuye alemekezeke.